Maliro a munthu wa m'bango

Uthenga woti mng'ono wanga wamwalira unandipeza atamuika kale. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya m'mbali mwa Zambezi, kufupi ndi Kavalamanja, chakumtunda kwa boma la Luangwa. Ndinali mwana wokulira mu Lusaka amene boma linangomunyamula n'kukamutula kumene msewu umathera. M'chilimwe zinkapiririka. Koma dzinja likafika timitsinje ta m'njira tinkadzaza, malole a ogula nsomba ankaleka kubwera, ndipo tinkatsala tokha ndi udzudzu wathu.

Uthengawo unayenda pa wailesi ya apolisi mpaka kuboma, n'kukhala kumeneko kudikira munthu wobwera kwathu. Palibe amene ndingamuloze chala, madzi ndiwo anali atatseka njira. Anadzaufikitsa ndi msodzi wina pa bwato, ndipo anandipeza ndikulemba pa bolodi. Unali waufupi: mng'ono wako watisiya ndi malungo a m'mutu, taika kale, usavutike ndi njira, udzabwere pa holide. Ndinamuthokoza msodziyo, ndinamupatsa madzi akumwa, n'kubwerera m'kalasi kukamaliza masamu. Ndinkayesa kuti misozi ibwera ndikafika kunyumba. Sinabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake, ngakhale sabata yotsatira.

Mng'ono wangayo ndinamutsogolera kubadwa, koma pakamwa mkulu anali iye. Ankaphunzira zosoka, ndipo ankanditchula kuti aticha a m'tchire. Dzulo lake loti ndibwerere kusukulu, Khirisimasi itatha, anandikhazika pakati pa mawondo ake n'kundiluka tsitsi. Anali ndi manja ankhanza. Ankakoka mpaka maso kutuluka, ndipo ukagwedezeka pang'ono ankakugogoda ndi chipeso pamutu. Atamaliza anati wandiluka zolimba dala kuti ndikafike nazo pa Pasaka, chifukwa kumene ndinkakhalako akanandiluka ndani, ng'ona?

Choncho uthenga uja unandipeza mizere yake ili m'mutu mwanga, ndipo sindinaimasule. Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Tsitsi latsopano linamera pansi pake, mizere n'kufufuma, m'mutu n'kumayabwa ndi thukuta la m'chigwa cha Zambezi, limene silidziwa kuti uku ndi dzinja. Ndinagula chitambala n'kumamanga kumutu, m'kalasi ndi pogona pomwe. Ndinkadziwa kuti sizinali zanzeru. Koma chinali chinthu chomaliza chimene manja ake anandichitira, ndipo ndinkaona ngati ndikamasula, ndiye kuti ndavomera.

Aphunzitsi anzanga anabwera kudzandipepesa, monga mwa mwambo. Anakhala pansi pa mtengo wa pakhomo, ahedi anapemphera, aliyense n'kundigwira dzanja. Kenako wina anayamba nkhani ya mvuu imene inadya chimanga m'dimba la ahedi, ndi momwe ahediwo anathamangira osayang'ana kumbuyo. Anaseka onse. Ndinapsa mtima koopsa, ndinkafuna kuwathamangitsa ndi tsache. Mng'ono wanga ali m'dothi, iwo akuseka za mvuu. Koma iwo anali asanamuonepo. Sankadziwa mawu ake, kapena kuti ankaluma ulusi ndi mano. Kwa iwo anali mng'ono wa aticha basi, ndipo pepani wawo anali atapereka kale.

Pafupi ndi nyumba za aphunzitsi pankakhala mayi wina wamasiye, wa mtundu wa Achikunda, amene ankawamba nsomba n'kumagulitsa. Anali wa msinkhu wa amayi anga, wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo utsi wa nsomba sunkachoka m'zovala zake ngakhale pa Sande. Ndinkawatchula kuti aneba. Iwo atamva za imfayo sanabwere ndi pepani. Anafika n'kukhala pansi pakhomo panga, miyendo yotambasula, n'kuyamba kulira mokweza. Ine ndinangoima pamwamba pawo ngati mtengo, manja kumbuyo, kudikira kuti amalize. Atamaliza anandiyang'ana m'maso, anamina mu chitenje, n'kundisiyira mcheni wowamba pa mbale. Ndinadziwa kuti aona kuti maso anga ndi ouma.

Zaka zimenezo maliro anali ochuluka. Anyamata amene anapita kutauni ankabwerera ataonda kudzafera kwawo, ndipo panalinso a malungo ndi a m'madzi. Mphunzitsi sankayenera kusowa pa maliro a m'mudzi, chifukwa ana amene tinkaphunzitsa anali a midzi yomweyo. Ndinkapita, n'kukhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzanga, mutu pansi. Kwathu ana sankawatengera ku maliro, ndipo nditakula ndinali kusukulu yogonera ndi kukoleji, choncho zinthu izi ndinali ndisanaziyang'anitsitse. Tsopano popeza maso anga anali ouma, makutu ndiwo ankagwira ntchito.

Tsiku lina tinali pa maliro a nkhalamba ina ya mbuzi zambiri. Ndinamva aneba akulira kuti mwana wanga, mwana wanga, wandisiyira yani. Ndinadabwa, chifukwa womwalirayo akanatha kukhala bambo wawo. Pambali panga mayi wina wachitsikana ankalira kuti amuna anga, anawa ndiwalera bwanji ndekha. Ndinayang'ana kwa agogo amasiye, eni ake a mwamunayo, kuti mwina pabuka ndewu. Agogowo analibe nazo kanthu, ankangogwedezeka uku akulira zawo. Nditamvetsera bwino m'nyumba monsemo ndinapeza kuti olira nkhalambayo anali ochepa chabe. Ena onse ankaitana amayi awo, alongo awo, ana awo.

Pobwerera ndinawafunsa aneba. Anandiyankha ngati ndawafunsa chifukwa chake madzi amatsikira kumunsi. Anati nkhalamba ija ankangoidziwira mbuzi zake zimene zinkawadyera ndiwo m'dimba, ndiye misozi akanaitenga kuti? Iwo ankalira mwana wawo wamwamuna amene anagwidwa ndi ng'ona akuonjola ukonde, zaka zingapo ine ndisanabwere.

"Aticha, mtima ni kambale kang'ono," anatero. "Sikangakwane wanthu onse. Aliyense abwera na wake, misozi tisonkha pamodzi."

Ndinawauza kuti kumeneko n'kunamiza anamfedwa, n'kubwereka maliro a eni ake. Anaseka n'kundifunsa ngati wakufayo anabwera kudzandidandaulira. Sindinaseke nawo. Nkhaniyo inandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkaganiza za maliro a mng'ono wanga. Ndinkaona amayi a m'komboni mwathu atadzaza m'nyumba, aliyense akulira wake, ndipo iye, amene mwini wake womulira ndinali ine, akupita kumanda ndi misozi ya anthu ena. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatsa moni wouma aneba aja, ndipo iwo ankandiyankha bwinobwino ngati sakuona.

Chakumapeto kwa dzinja Zambezi anadzaza mpaka m'madimba. Madzi anali ofiira, akutsika ndi mitengo, zinyalala, nthawi zina ndi mbuzi yakufa. Loweruka lina m'mawa ndinatsikira kudooko kukagula nsomba zaziwisi, ndipo aneba anali kale komweko akusankha zowamba. Nditangogula zanga, bwato lina la asodzi linafika. Anati apeza munthu m'bango, chakumtunda pang'ono.

Anali mwamuna, ndipo anali atakhalitsa m'madzi. Palibe amene anamudziwa. Mtsinje uja umadutsa m'malire, tsidya lina ndi Zimbabwe, kumunsi ndi Mozambiki, ndipo kumtunda kuli misasa ya asodzi ochokera kulikonse. Akanatha kukhala wa kwina kulikonse. Anafunsa m'midzi yapafupi ngati kuli amene wasowa, ndipo kunalibe. Anatuma bwato kuboma, wapolisi n'kufika dzuwa litapendeka. Anayang'ana, anafunsa mafunso ake, n'kunena kuti mmene thupilo lilili silingayende ulendo, aikidwe pomwepo. Amuna anakumba pamtunda pamene madzi safika, pansi pa mtengo wa msangu, n'kumukulunga mu mphasa.

Ine ndinali pomwepo nthawi yonseyi, chifukwa aneba anali atandisungitsa dengu lawo. Ndinene zoona za zimene ndinkamva. Sindinamve chisoni chilichonse. Ndinkamva fungo, ndinkaingitsa ntchentche, ndinkadandaula kuti nsomba zanga ziola padzuwa, ndiponso ndinkadzifunsa ngati ndidzathe kudya za mumtsinje uja sabata imeneyo. Munthu wa mayi wake ali mu mphasa, ine ndikuganiza za ndiwo. Ndinakumbukira aphunzitsi anzanga ndi mvuu yawo, ndipo ndinaona kuti kambale kanga sikanali kakakulu kuposa kawo.

Atamutsitsa, mkulu wina wa mpingo ananena pemphero lalifupi, amuna n'kutola makasu kuti akwirire. Aliyense ankafuna kuthana nazo azipita. Apa m'pamene aneba anaimirira, manja m'chiuno, n'kufunsa ngati akuika munthu kapena galu. Amuna anayankha kuti mwini maliro palibe, nanga alira ndani? Aneba anati adikire. Anatsikira kumadimba n'kuitana amayi amene ankakolola chimanga chothawitsa madzi. Anabwera ochepa, matope mpaka m'mawondo, ena ana kumsana, n'kukhala pansi chapatali ndi dzenje. Anandikokera pansi inenso.

Koma palibe amene anayamba. Pa maliro pamakhala mwini wake amene amatsegula kulira, ena n'kulandira. Apa panalibe wotsegula. Tinangokhala tikuyang'ana pansi, mwana wina akulirira bere, amuna atatsamira makasu. Kenako aneba anandigwira pa bondo.

"Aticha, muyambe ndimwe. Wanu ni wa tsapano, akali wotentha."

Ndinawauza monong'ona kuti munthuyo sindikumudziwa, ndipo sindikumva kanthu.

"Nase sitimudziwa," anatero. "Koma kwinakwake kuli mlongo wake, apsyera pakhomo, sadziwa kanthu. Nkhalani pa malo pake."

Mawu amenewo anandilowa. Tsiku limene ankaika mng'ono wanga, inenso ndinali kwinakwake, sindikudziwa kanthu. Ndinali nditayesa kale kuwerengera kumbuyo kuti linali tsiku liti, ndipo ndinkaganiza kuti linali lija tinkathamangitsa nkhuku ya ahedi imene inalowa m'kalasi, ine ndikuseka ndi ana mpaka nthiti kuwawa. Ndinali ndisanauzepo munthu zimenezi. Tsopano m'maganizo ndinamuona mkazi uja amene sindinamudziwe, tsache m'manja, mwina akukalipira ana, mwina akusungira mlongo wake chakudya.

Ndinatsegula pakamwa. Mawu oyamba anatuluka oipa, okhakhala, ngati a mbuzi yomangidwa. Ndinachita manyazi n'kufuna kuleka, koma aneba anandikanikiza bondo lija. Kachiwiri ndinamuitana: mng'ono wanga. Zitatero sindinathenso kuziletsa. Ndinamukalipira, ndinamufunsa kuti ankathamangira chiyani osandidikira, kuti malungo okha angagonjetse bwanji munthu wa pakamwa ngati iye, kuti tsitsi ili andimasula ndani. Chitambala chinagwa, amayi onse n'kuona zimene ndinkabisa, koma ndinalibe nazo ntchito. Aneba analandira ndi mwana wawo wa ng'ona, wina ndi amayi ake, wina ndi amuna ake, ndipo kulira kunamveka mpaka kudooko. Amuna anakwirira pang'onopang'ono, mwaulemu, ndipo msodzi amene anamupeza ankapukuta m'maso ndi chipewa. Sindidziwa kuti iye ankalira yani.

Titasamba m'manja ndi kumaso tinakwera kumudzi. Nsomba zanga zinali zitayamba kale fungo, ndipo aneba anazitenga kuti akazithire mchere wambiri, anati sizitayidwa. Dzuwa lisanalowe anabwera pakhomo panga ndi chipeso ndi kampando, n'kundikhazika pansi pakati pa mawondo awo. Sanandifunse ngati ndikufuna. Mizere ya kutsogolo inamasuka, koma kumbuyo tsitsi linali litapotana moti chipeso sichinkalowa. Ndinawapatsa lumo limene ndinkadulira mapepala kusukulu, ndipo anandimeta. Anati n'chimodzimodzi, kwawo maliro akatha anthu amameta. Manja awo anali ofatsa, ndipo ndinawauza kuti sadziwa ntchito, mwini wake akanakhala atandigogoda kale ndi chipeso. Anandigogoda. Ndinaseka, misozi ikutsikabe, ndipo kuyambira pamene uthenga unabwera aka kanali koyamba kuseka osadzimva kuti ndalakwira mng'ono wanga.

Masiku otsatira ndinkalira paliponse, potunga madzi, pochonga makope, ngakhale pakati pa nyimbo kutchalitchi. Koma ndinayambanso kugona tulo ndi kumva kukoma kwa chakudya. Mutu unapepuka, mphepo inkafika pakhungu. Ana a m'kalasi mwanga ankaseka kametedwe ka aneba, kamene kanali ndi zitunda ndi zigwa, ndipo ndinawalola.

Za munthu wa m'bango uja, palibe amene anabwera kudzamufuna pa nthawi yonse imene ndinakhala kumeneko. Sindinganame kuti pambuyo pake ndinayamba kumumvera chisoni iye mwini. Sindinaone nkhope yake, sindidziwa ngati anali wabwino kapena womenya mkazi. Ndikadutsa pa msangu paja ndinkangoponyapo mwala kuti afisi asafukule, monga ankachitira ena. Koma sanapite mwakachetechete ngati chinthu chotayidwa, ndipo zimenezo ndimazikumbukira ndi mtima wokhazikika. Pa maliro a m'mudzi ndinasiya kumvetsera kuti uyu akulira yani. Ndinkalowa, n'kukhala pansi, n'kutula wanga pamodzi ndi anzanga. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, ndipo ine ndinali nditawamva mawuwo kuyambira ubwana osadziwa kuti kuliranako kumayenda chonchi.

Holide itafika ndinatsika pa bwato mpaka kuboma, n'kukwera lole ya nsomba mpaka pa mlatho wa Luangwa, kenako basi ya ku Lusaka. Ndinafika ndikununkha mcheni. Amayi anandilandira pakhomo, anandivula chitambala, anayang'ana mutu wanga n'kufunsa kuti wandimeta ndani moipa chonchi. Tinalira pamodzi pomwepo, chikwama chili kumsana.

M'mawa mwake anandiperekeza kumanda. Manda a m'tauni zaka zimenezo ankakula ngati munda wotsegula kumene, mizere ya milu yofiira mpaka kumene maso amathera, ndipo tsiku lomwelo magulu angapo ankaika anthu awo, uku nyimbo, uko nyimbo ina. Amayi anaupeza mulu wake mosavuta. Udzu unali utayamba kumera. Ndinagwada n'kuyamba kuzula, ndipo ndili chozula ndinawauza chimene chinkandidya mtima, kuti mwana wa m'mimba imodzi ndi ine anapita popanda mkulu wake womulira.

Amayi anakhala pansi pambali panga. Anati tsiku lija kunali chimodzimodzi, maliro mbali zonse, anthu kusakanikirana.

"Titatsitsa bokosi ndinamva mawu kumbuyo kwanga, mng'ono wanga, mng'ono wanga," anatero. "Ndinati iwe wafika. Nditatembenuka ndinaona mtsikana wa msinkhu wako, wochokera pa maliro ena a pafupi. Sitimudziwa mpaka lero. Anagwada apo wagwada iwepo."

Ndinaleka kuzula. Amayi anati azakhali anga anafuna kukamugwira paphewa kuti amuuze kuti wasokera, manda a kwawo si amenewa.

"Ndinati musiyeni. Malo a mkulu wake anali opanda munthu."

Ndinawafunsa ngati mtsikanayo analira bwino. Amayi anati analira mpaka mawu kutha, kenako anadzuka, anasasa chitenje chake n'kubwerera kwa anthu ake. Ndinakhala pa malo pomwepo kanthawi, mawondo ali m'dothi lomwe iye anagwadamo. Kenako ndinayamba kuwafotokozera amayi za munthu wa m'bango, uku tonse awiri tikumaliza kuzula udzu.